Mmene Mungaphunzitsire Mwana Masamu Oyamba ndi Timabuloko ta Mitundumitundu

Mwana wa zaka 4 akaima pamaso pa alendo n'kuwerenga kuyambira wanu mpaka twente osapuma, tonse timaomba m'manja. Koma muikireni nyemba 7 m'mbale, mumufunse kuti zilipo zingati. Chala chimathamanga, pakamwa pamathamanga kuposa chala, ndipo lero akuyankhani 10, mawa 6. Apa ndi pamene makolo ambiri amagwa ulesi. Ena amakagula buku lina la homuweki ku tauni, ena amayamba kukalipa. Mwanayo mutu wake uli bwinobwino: wagwira nyimbo ya manambala, koma manja ake sanadziwebe kuchuluka kwa zinthu.

Timabuloko timene m'masitolo amatitcha pattern blocks timathandiza pamenepo. Si mabuloko a simenti aja timawaona akuumbidwa m'mbali mwa msewu ayi. Ndi tizidutswa tafulati ta pulasitiki kapena ta matabwa, ta maonekedwe 6, timene timalowana tokha mukatiyandikiza. Malangizo awa ndi a ana a zaka 3 mpaka 7, kaya kunyumba kaya pa kasukulu ka ana ka m'komboni.

Zofunika kukhala nazo

Timabuloko teniteni tili motere:

- Kachikasu: mbali 6 zofanana, ngati nati ya pa wilo la galimoto. Dzina la kusukulu ndi hexagon.
- Kofiira: mbali zinayi, imodzi yaitali kawiri kuposa zinzake, ngati beseni mukaliyang'ana cham'mbali. Ndi trapezium.
- Kabuluu: ngati daimondi ya pa makhadi a njuga. Ndi rhombus.
- Kobiriwira: makona atatu, ngati samusa. Ndi triangle.
- Ka olenji: sikweya.
- Kakhaki: daimondi yowonda, yosongoka.

Kupatula mbali yaitali ija ya kofiira, mbali zonse za timabuloko tonse n'zofanana kutalika. M'seti zogula nthawi zambiri mbali imodzi ndi masentimita 2.5. N'chifukwa chake timagwirizana popanda mpata, ndipo mphamvu yake yonse ili pamenepo.

Onjezani thireyi kapena thabwa losalala, kathumba ka nsalu kosaonetsa za m'kati, ulusi wokhuthala, dayisi imodzi, mapepala, pensulo, ndi chitini cha chivindikiro chosungiramo. Pa mphasa ya bango timabuloko timatsetsereka m'mizere, ndiye thireyi musaiiwale.

Chenjezo loyamba: tobiriwira ta m'seti zogula n'tating'ono moti khanda lingatimeze. Ngati m'nyumba muli mwana wosakwana zaka 3, sewerani pa tebulo, kapena nthawi imene iye wagona.

Ngati simunatipeze m'sitolo, pangani nokha

Ine ndimakonda topanga kunyumba chifukwa mumatipanga tokulirapo, tosavuta kugwira ndi tizala. Mufunika kampasi ya m'seti ya masamu, rula yachitsulo, lezala kapena naifi yakuthwa, ndi khadibodi yolimba. Ya bokosi la nsapato kapena chikuto cha faelo yakale ndi yabwino. Katoni ya mphako m'kati, ija yonyamulira sopo ndi mafuta ophikira, imaphwanyika m'makona pakangopita sabata.

1. Tsegulani kampasi masentimita 4 pa rula, mujambule mzere wozungulira. Osasintha kampasiyo, bayani nsonga yake pa mzerewo, ikani kadontho kutsogolo pa mzere womwewo, sunthirani nsonga pa kadonthoko, n'kupitiriza mpaka mutazungulira. Timadontho tikhala 6. Tilumikizeni ndi rula. Ngati kadontho komaliza sikanagwere pamene munayambira, kampasi yatereka. Mangitsani kasikuluwu kake muyambirenso, chifukwa cholakwika cha pano chilowa m'timabuloko tonse.

2. Lembani mizere itatu yodutsa pakati, kuchoka pa kona kufika pa kona yoyang'anizana nayo. Jambulani zotere 16. Zinayi zisiyeni zathunthu, ndiye tachikasu 4. Zinayi dulani pakati potsata mzere umodzi, mupeza tofiira 8. Zinayi dulani m'zidutswa zitatuzitatu, chilichonse cha masamusa awiri ogundana, mupeza tabuluu 12. Zinayi zotsalazo dulani mizere yonse, mupeza tobiriwira 24.

3. Masikweya 6 akwanira. Gwiritsani kona ya buku kuti makona akhale owongoka, mbali iliyonse masentimita 4 omwewo. Kakhaki musavutike nako, sikafunika m'magawo ali m'munsimu.

4. Dulani pamzere penipeni, lezala itatsamira rula. Sizasi imakhotetsa m'mbali, ndipo mwana akaika tobiriwira 6 pa kachikasu n'kuona mipata, amaganiza kuti walakwa iyeyo.

5. Pakani mtundu mbali zonse ziwiri ndi makrayoni, kapena matani mapepala a mitundu. Ana amatembenuza chilichonse.

Ofuna tokhalitsa angatenge zitsanzo za khadibodizi kupita nazo kwa akalipentala, monga aja a ku Kalingalinga m'mbali mwa Alick Nkhata Road kuno ku Lusaka, kapena kufunsa zidutswa za pulayiwudi zotsala ku msika wa Buseko. Powapatsa nenani momveka: "Bambo, izi si zokongoletsa. Zidutswa 6 izi zikwane ndendende pamwamba pa ichi, ndidzayesa ndisanalipire." Apale m'mbali ndi sandipepala, ndipo penti ikhale yosungunula ndi madzi, osati yotsala ya pa geti, pakuti zinthu za ana zimathera m'kamwa.

Gawo 1: Khuthulani, mukhale chete

Masiku atatu kapena anayi oyamba musaphunzitse kanthu. Khuthulani timabuloko pa thireyi, mwana amange chimene akufuna: nyumba, minibasi, nsanja yomagwa. Inu mangani chanu pambali. Mwana amene sanakhute kusewera nato sangamve malangizo anu, maso ake amakhala pa nsanja imene akufuna kumanga. Mukafuna kulankhula, nenani zimene mukuona basi: "Waika tofiira tiwiri pamodzi."

Gawo 2: Kusankhula

Muuzeni aike tofanana pamodzi, ngati mmene ambuya amasankhulira nyemba pa lichero. Asankha potengera mtundu, ndipo zili bwino. Koma popeza mtundu uliwonse uli ndi maonekedwe ake, simungadziwe ngati akuona maonekedwe kapena mtundu wokha. Ndiye ikani timabuloko m'kathumba, alowetse dzanja osasuzumira, akutulutsireni ka makona atatu. Zala zikamayenda m'mbali kufunafuna makona, ndiye kuti wayamba kuganiza za maonekedwe. Kabuluu ndi sikweya timasokoneza m'kathumba chifukwa tonse tili ndi mbali zinayi zofanana. Musiyeni atulutse kolakwika, akayerekeze yekha.

Gawo 3: Kuwerenga kogwira ndi dzanja

Yambani ndi tobiriwira titatu, kenako tisanu. Lamulo ndi limodzi: nambala imodzi, kabuloko kamodzi, ndipo kowerengedwa kale kakankhidwire mbali ina ya ulusi umene mwayala pakati pa thireyi. Kuloza patali n'kumene kumabweretsa 10 pa nyemba 7.

Akamaliza, funsani kuti, "Ndiye tilipo tingati?" Ana ambiri amayambiranso kuwerenga kuchokera pa wanu. Zikatero, sanadziwebe kuti nambala yomaliza ndiyo ikunena kuchuluka kwa mulu wonse. Musamuseke. Werengani naye, nambala yomalizayo muitchule mokweza uku mukuzunguliza mulu ndi chala: "Tisanu. Tonseti ndi tisanu."

Kenako mumuyese pang'ono. Timabuloko tisanu tomweto titayanitseni m'thireyi monse, mufunse ngati tachuluka. Wa zaka 4 kawirikawiri amati inde. Awerengenso, muunjike, awerengenso. Pamatenga masabata kuti akhulupirire kuti tisanu ndi tisanu kaya tamwazika kaya taunjikana, ndipo palibe njira yachidule. Yesaninso kuika tachikasu titatu pambali pa tobiriwira tisanu n'kufunsa kuti tambiri n'titi. Maso amamunamiza chifukwa tachikasu n'tatikulu. Afole awiriawiri, kachikasu ndi kobiriwira, aone mbali imene yatsala ndi topanda mnzake.

Kuno ana amawerenga m'Chingelezi, ngakhale ife akuluakulu pa msika wa Soweto timatchula mitengo m'Chingelezi. Musalimbane nazo. Ingowonjezerani kamodzi, tiwiri, titatu, tinayi, tisanu, chifukwa mawu amenewa atithandiza pa Gawo 5.

Gawo 4: Mizere yobwerezabwereza

Yalani mzere: kofiira, kabuluu, kofiira, kabuluu, kofiira, kabuluu. Muunene mokweza ngati nyimbo, kenako mufunse chimene chikubwera. Bwerezani katatu musanafunse. Mukangoika kofiira ndi kabuluu kamodzi n'kunena kuti pitiriza, mwana alibe poonera kuti chikubwerezedwa n'chiyani.

Akazolowera, sinthani: kofiira, kabuluu, kabuluu. Kenako mitundu itatu. Tsiku lina atseke maso, muchotse kamodzi pakati, apeze kosowako. Tsiku linanso lakwitsani dala. Palibe chimene chimasangalatsa mwana ngati kugwira mayi ake akulakwa: "Mami, mwaphonya!" Muthokozeni, akonze yekha.

Kuti mudziwe ngati wamvetsadi, muuzeni apange mzere womwewo ndi zinthu zina, monga miyala ndi zitsekerero za mabotolo, kapena awuombe m'manja ndi kuponda pansi. Mukatuluka, muonetseni mphepete mwa chitenge chanu ndi zitsulo za pa mawindo. Akayamba kuziona yekha, mudzatopa naye m'basi.

Gawo 5: Kudzaza kachikasu

Ngati nthawi yanu ndi yochepa, gawo ili ndi limene musadumphe.

Ikani kachikasu pa thireyi munene kuti ndi mbale, ndipo mukufuna ivindikiridwe yonse, popanda mpata, popanda chotulukira kunja. Mupatseni tobiriwira tokha. Poyamba amatiika mwachisawawa ndipo sitikwana. Manja anu akhale pa maondo. Akakakamira kwambiri, ikani kamodzi kokha, mbali yake igundane ndi mphepete mwa mbale, nsonga iloze pakati, n'kumusiya.

Akaika tisanu, muimitseni. Afunika tingati kuti amalize? Mpata wa kamodzi ukuonekera poyera. Apa chilankhulo chathu chimatichitira ntchito imene Chingelezi sichingachite: sikisi sanena kanthu, koma "tisanu ndi kamodzi" akunena zimene mwana akuona ndi maso pa mbalepo. Wawonkhetsa kale asanaonepo chizindikiro cha pulasi.

Tsiku lotsatira mupatseni tofiira tokha: tiwiri tikwana. Kenako tabuluu tokha: titatu, ngakhale kuti tabuluu timavuta kutembenuza ndipo ena amatenga masiku. Akatha zitatuzi, sakanizani zonse, mufunse ngati pali njira ina. Njira zonse, potengera timabuloko timene mwagwiritsa, zilipo 8. Nazi, kuti inu muzidziwe, osati kuti mumuuze:

- kachikasu kena pamwamba pake
- tofiira 2
- tabuluu 3
- tobiriwira 6
- kofiira 1 ndi tobiriwira 3
- kofiira 1, kabuluu 1 ndi kobiriwira 1
- tabuluu 2 ndi tobiriwira 2
- kabuluu 1 ndi tobiriwira 4

Pafupifupi mwana aliyense amayesa kofiira kamodzi ndi tabuluu tiwiri. Kabuluu kachiwiri sikalowa, kamatulukira kunja. Mwana wa mng'ono wanga anakakankha ndi chala chachikulu mpaka thukuta, kenako anakhala phee, n'kunena kuti, "Katsala kasamusa." Ndikanamuuza msanga, akanangomvera. Chifukwa anavutika yekha, mpaka lero akaona kofiira ndi kabuluu amadziwa chimene chikusowa.

Njira iliyonse imene wapeza, jambulani pa pepala pozunguliza timabuloko ndi pensulo, iye apake mitundu, mumate pa khoma. Musafune zonse 8 tsiku limodzi. Wa zaka 4 akapeza zitatu wachita bwino. Wa zaka 6 mufunseni kuti pansi pa kofiira pangabisale tobiriwira tingati, nanga pansi pa kabuluu. Akapeza kuti ndi 3 ndi 2, lembani pansi pa zithunzi zija: 3 + 3, 2 + 2 + 2, 3 + 2 + 1. Zonse ndi 6. Manambala olemba abwere pamapeto chonchi, manja atamaliza kale ntchito.

Sikweya ndi kakhaki muzichotse pa gawo lino. Sizingadzaze kachikasu ngakhale mutatembenuza bwanji, ndipo zimangomukhumudwitsa mwana.

Gawo 6: Kantemba

Inu ndinu mwini kantemba, timabuloko tonse tili kwa inu. Mwana aponya dayisi, atenga tobiriwira molingana ndi madontho. Akakhala ndi tokwanira, abwera kudzasinthitsa: tobiriwira 2 apeza kabuluu, tobiriwira 3 apeza kofiira, kabuluu ndi kobiriwira apeza kofiira, tofiira 2 apeza kachikasu. Ana akakhala angapo, woyamba kukhala ndi tachikasu titatu wapambana. Ngati mulibe dayisi, lembani madontho m'zitsekerero za mabotolo 6, azitola m'kapu osayang'ana.

Musamusinthire asanapemphe, ndipo posinthitsa aike tobiriwira pamwamba pa chimene akufunacho kuti aonetse kuti zakwana. Ena amakana kusinthitsa, amaona ngati kupereka titatu n'kulandira kamodzi ndi kuberedwa. Kukanako n'kwabwino, kukusonyezani pamene maganizo ake ali. Muonetseni ndalama zachitsulo 10 za K1 ndi K10 imodzi ya pepala, mufunse ngati amake a pa kantemba angakane imodzi mwa izo. Kusinthitsa tambiri tating'ono ndi chimodzi chachikulu n'kumene adzakumana nako kusukulu pa samu zonyamula.

Kenako sinthanani, iye akhale wogulitsa, inu muyese kumupusitsa ndi tobiriwira tiwiri pofuna kofiira.

Gawo 7: Gulugufe

Yalani ulusi pakati pa thireyi. Ikani kabuloko kumanzere, kogundana ndi ulusi, iye aike kofanana nako kumanja kuti mapiko a gulugufe afanane. Onjezani kamodzikamodzi. Pamene ambiri amaphonya ndi apa: amakopera m'malo motembenuza, ndiye nsonga imene kwa inu yaloza kunja kwa iye yaloza ku ulusi. Imikani kagalasi koyang'anira nkhope pa ulusipo, aone mmene phiko lake liyenera kuonekera, muchotse galasi, akonze.

Gawo 8: Theka ndi magawo

Ili ndi la a zaka 6 ndi 7 amene Gawo 5 lawalowa. Kachikasu kakhale chikanda chathunthu. Anthu awiri agawana bwanji mofanana? Aliyense kofiira, ndiye theka. Anthu atatu, aliyense kabuluu. Anthu 6, aliyense kobiriwira. Funsani kuti chidutswa chimakula kapena chimachepa anthu akachuluka. Mwana wa m'nyumba ya anthu ambiri sachedwa kuyankha.

Mukamva "ndipatseni hafu yaikulu", ikani tofiira tiwiri kamodzi pamwamba pa kanzake. Ngati china n'chachikulu, si theka. Ndipo musalole kuti aloweze kuti kofiira dzina lake ndi theka. Tsiku lina nenani kuti lero chathunthu ndi kabuluu. Theka lake n'chiyani? Kobiriwira. Nanga chathunthu chikakhala kofiira, kobiriwira kasanduka gawo limodzi mwa magawo atatu. Kulemba 1/2 ndi 1/3 kudikire aphunzitsi.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Kuthamangira mayina. Kholo limafuna mwana anene "trapezium" kuti azakhali amve pa foni. Dzinalo muzilitchula mwa apo ndi apo, lidzakhazikika lokha. Mwana amene amati "kofiira" koma akudziwa kuti tiwiri timadzaza kachikasu ali patsogolo pa amene amatchula dzina osadziwa chochita nako.

Kukonza ndi dzanja lanu. Mukaona kabuloko kakhota, dzanja limayabwa. Funsani m'malo mwake: "Ukakatembenuza chingachitike n'chiyani?" Ngati mukuphunzitsa ana angapo, samalaninso ndi mkulu wawo amene amalanda n'kumalizira mng'ono wake. Mupatseni mbale yakeyake.

Kuonetsa maonekedwe mbali imodzi yokha. M'mabuku samusa nthawi zonse imakhala nsonga kumwamba, ndiye mukaizondotsa ana ena amati si triangle. Sikweya mukaiimika pa kona amati yasanduka daimondi. Muziika timabuloko mozondoka dala, muwerenge naye mbali ndi makona kuti aone kuti palibe chasintha.

Kutalikitsa. Mphindi 10 kapena 15 zakwana, ndipo lekani akadali kufuna. Nthawi yabwino si pamene wangofika kuchokera kusukulu ali ndi njala, komanso si usiku magetsi atathima, pakuti pa kandulo kabuluu ndi kobiriwira timaoneka ngati mtundu umodzi.

Kudumpha magawo chifukwa mwana wa aneba ali kale pa theka. Ngati pa Gawo 3 akuyambiranso kuwerenga mukamufunsa kuti tilipo tingati, khalani pomwepo, muzingosintha masewero.

Kungomupatsa zithunzi zodzaza. Mapepala aja ojambulidwa kale mbalame kapena duwa, pamene mtundu uliwonse waonetsedwa malo ake, amamukhazika chete mwana koma saganiza kwambiri. Jambulani mphepete mokha, m'kati musiye mopanda mizere, apeze yekha zolowamo. Akadzaza, mufunse ngati angadzazenso ndi timabuloko tochepa kuposa poyamba.

Kusakaniza maseti osiyana kukula. Togula ta masentimita 2.5 ndi topanga ta masentimita 4 sitilowana. Sungani m'zitini zosiyana.

Kulongedza nokha. Pomaliza, mwana abweze timabuloko m'chitini akuwerenga mtundu ndi mtundu, ndipo pa chivindikiro lembani kuchuluka kwake: tachikasu 4, tofiira 8, tabuluu 12, tobiriwira 24, masikweya 6. Njira yachangu yoonera tobiriwira ndiyo kutiyala pa tachikasu tonse tinayi. Pakatsala mpata, yambani kufufuza pansi pa sofa ndi m'thumba la yunifolomu, khanda lisanakapeze.